Mlongo Wanga Wobwira Mchere

Lolemba, mwezi wa Epulo, chaka chachiwiri chibwerereni kwathu kuchokera ku Malawi.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso, chonsecho woyesedwa lero si ine. Linali tsiku la sikelo ya mlongo wanga. Kusukulu sindinapite. Ndikulemba pakhonde dzuwa litapendeka, ndipo ndiyambira kumbuyo pang'ono, chifukwa masabata apitawa ndinalibe mpata ngakhale wosongola pensulo.

Mlongo wangayu ali ndi zaka zitatu. Anabadwira kukampu ya othawa nkhondo, ndipo chibadwire amatsokomola. Makhololo ake ndi olimba ngati ulimbo. Miyendo ndi timitengo, mimba yokha ndiyo imatsogola. Zimene wadya zimangodutsa, ndipo zikatuluka, nkhuku zomwe zimasamuka pabwalo. Mwezi watha kuchipatala chathu chaching'ono kunabwera dokotala woyendera. Anamumvera pachifuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti akuganiza kuti ndi matenda obadwa nawo, a chifuwa ndi m'mimba pamodzi. Dzina lake m'Chipwitikizi ndi fibrose quística. Ndinalilemba padzanja kuti ndisaiwale. Anati matendawa satha, koma mwana akamadya kwambiri, makamaka zamafuta, amalimba. Anamwino athu anawonjezera mawu amene anatisowetsa tulo: sikelo ikadzatsikanso mwezi uno, mwana ndi amayi akwera sitima kupita kuchipatala chachikulu ku Cuamba, ndipo palibe akudziwa kuti akakhalako mpaka liti. Amayi anangoyang'ana kumunda. Chimanga chauma, ndipo ndicho choyamba chimene talima m'nthaka yathu chithereni nkhondo.

Kunena kuti mwana adye n'kosavuta. Kukampu ankadya phala la ufa wapachigayo, losalala ngati mkaka. Kuno chigayo chinatenthedwa pankhondo, ndipo pakati pa makoma ake pamera mpapaya umene ukubereka bwino kwambiri. Ufa wathu ndi wa mumtondo. Sefa ya amayi inatsala ku Malawi, anabwereka mnzawo tsiku lonyamuka. Tsono phala lathu limakhala ndi timisere, ndipo mlongo wanga kamsere kamodzi amakapeza ngakhale mutakabisa pansi pa mbale. Kakangofika palilime amaima njii. Maso amadzaza misozi, khosi limakana, kenaka chifuwa chimayamba, ndipo zonse zimene tavutikira kuyambira m'mawa zimabwerera pamphasa. Sachita dala. Iyenso zimamuopsa. Zitachitika kangapo anayamba kuthawa akangomva supuni ikugunda mbale. Dzungu amakana chifukwa cha ulusi wake. Nthochi yokanya amakana. Nsomba ya kunyanja ya Amaramba, imene bambo amanyamula panjinga kukagulitsa kumsika wa kumalire ku Entre Lagos, amangoiyang'ana ngati ili ndi mlandu.

Pamenepo mpamene amayi aakulu analowererapo. Iwowa ndi akulu awo a amayi, ndipo sanathawe nkhondo. Anakhala m'mabango a kunyanja zaka zonsezo, ndipo safuna kuti wina aiwale.

"Ife tinadya mizu," anatero tsiku loyamba, atakhala pamtondo. "Mizu yosasenda, ya dothi lake. Ndani anasanza? Koma a Shefi awa akufuna phala lochita kusita."

Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga anasanduka a Shefi, ndiye kuti bwana m'Chipwitikizi. Akamadutsa, amayi aakulu amaimirira n'kuwomba m'manja. "Mwadzuka bwanji, a Shefi? Lero tikuphikireni chiyani? Mitambo?"

Iye amawakonda, ndiye amangoseka.

Anati amayi amamulera ngati dzira, ndipo atisonyeza mmene ana amadyetsedwera kuno. Anavala kapulana yawo yatsopano, chitenje cha nkhunda zoyera chimene anagula pokondwerera mtendere. Anamugoneka mwana pamiyendo, n'kupinda dzanja pakamwa pake ngati chikho, n'kuthiramo phala. Amayi anatembenukira kukhoma. Ine ndinati, "Amayi aakulu, atsamwa." Iwo anati, "Iwe ndi Fomu 2 yakoyo khala chete." Phala linalowadi. Linakhalamo kanthawi kokwanira kuti amayi aakulu atiyang'ane monyada, kenaka linatuluka lonse, ndipo nkhunda za mtendere zinasanduka zachikasu.

Mwana analira mpaka kubanika. Amayi aakulu anachita mantha, ngakhale sangavomere. Anamunyamula, kumusisita pamsana, n'kumupsompsona pachipumi. Atatero anaima. Ananyambita milomo yawo. Anamunyambitanso mwanayo pachipumi, ngati mmene munthu amalawira ndiwo.

"Mwanayu ali ndi mchere."

"Ndi mmene alili chibadwire," anatero amayi.

"Chibadwire! Ndipo iwe unangokhala chete? Kutsokomola, kuonda, mchere kutuluka pakhungu. Ili ndi tsempho, mng'ono wanga. Pakhomo pano wina wathira mchere ali wotentha, kapena wina wayenda njira zokhota."

Za tsempho ndimazidziwa pang'ono. Akuluakulu amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina, kapena mkazi akathira mchere m'ndiwo pa masiku osayenera, mwana ndiye amadwala. Ndinafuna kutchula dzina la Chipwitikizi lija, koma linali litafufutika padzanja, ndipo amayi aakulu anali atatembenukira kale kumsewu, kumene bambo ankabwera akukankha njinga.

Sanawalole ngakhale kutsitsa dengu.

"Alamu, tafikani kuno. Ku Entre Lagos kuja mumangogulitsa nsomba zokha?"

"Nthawi zina ndimagulitsanso chinangwa, alamu."

"Musandiseke. Chifukwa chiyani mumapesa tsitsi popita kumsika? Nsomba zimaona tsitsi?"

"Alamu, tandiyang'anani bwino. Munthu wonunkha mlamba kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, matayala omanga ndi luzi. Ndani angandifune? Mng'ono wanuyu anangondimvera chisoni."

Amayi anaseka mobisa m'kapulana. Koma chigamulo chinaperekedwa. Bambo azigona kukhitchini mpaka mwana achire. Ndipo popeza sizikudziwika kuti wolakwa ndani, wamkulu aliyense pakhomo pano asakhudze mchere, ngakhale ine, chifukwa ndinakula kale. Mwambo umati zikatere mchere athire ndi mwana wamng'ono wosadziwa kanthu. Tinayang'anayang'ana pabwalo. Mwana wamng'ono pakhomo pathu ndi mmodzi yekha.

Umu ndi mmene a Shefi anapezera ntchito. Ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, amayi ankaitana, iye n'kubwera akuthamanga. Ankapisa yekha dzanja m'chitini cha mchere, chija chinali cha mafuta a kukampu, n'kupita nawo kumphika. Amayi ankatembenuka kuyang'ana kumbali, chifukwa amayi aakulu anati ngakhale diso la munthu wamkulu likhoza kuwononga. Phala la mwanayo analamula kuti lisamathiridwe mchere n'komwe, poti m'thupi mwake wachuluka kale.

Kuyambira pamenepo ndiwo zathu zinasiya kukoma. Matemba ankamveka ngati udzu wonyowa. Chigwada ngati thovu. Koma palibe amene anadandaula. Bambo ankaganiza kuti ndi mbali ya chilango chawo, ndiye ankangomeza modzichepetsa, n'kumathokoza. Amayi ankaganiza kuti dzanja la mwana ndi laling'ono, ndipo kupempha kuti abwereze kukanakhala kutsutsa akulu awo. Amayi aakulu ankaganiza kuti amayi akuumira mchere dala kuti awakhaulitse, ndiye ankadya mokweza, akunena kuti, "Koma ndiye zakoma! M'mabango tinalibe n'zoterezi." Ine ndinkaganiza kuti mwina mwambo umatero. Tinadya choncho masiku ambiri, anthu anayi akuluakulu, aliyense akunamizira kukhuta. Nthawi yonseyo mchere m'chitini unkatsika bwinobwino.

Phala lopanda mchere lija mlongo wanga analikaniratu. Ngakhale kuliyang'ana. Tsiku la sikelo linkayandikira, ndipo nthiti zake zinkawerengeka ali chapatali.

Tsiku lina ndinabwera msanga kusukulu chifukwa aphunzitsi a masamu anapita kukalandira mbale wawo wochokera ku Malawi. Ndinalowera kuseri kwa khitchini kuti ndikoloweke bulauzi yanga pachingwe. Khoma la kumeneko ndi la mapesi, ndipo limaonetsa zonse. Ndinaona amayi atatembenukira kumbali monga mwa lamulo. Ndinaona a Shefi akupisa dzanja m'chitini, kuyenda mwaulemu mpaka pamphika, kugwedeza dzanja lopanda kanthu pamwamba pa ndiwo, kenaka kutembenuka n'kubwira mchere wonse wa m'dzanja linalo.

Mchere wathu si wa m'mapaketi. Ndi uja wa miyala, umene bambo amabwera nawo kuchokera kumalire, wina waukulu ngati njere ya chimanga. Ndinadikira kuti atsamwe. Ndinali nditakonzeka kale kuthyola mapesi. Koma ndinangomva kukukuta, ngati mbuzi ikudya chimanga chouma. Anameza, kunyambita chikhato, n'kunena kuti, "Ndathira, amayi."

"Wachita bwino, bambo wanga," anatero amayi, osatembenuka.

Ndinakhala pansi kuseri komweko, kuseka kukundipweteka m'mimba. Koma kuseka kutatha ndinayamba kuganiza. Mwana amene amasanza ndi kamsere kamodzi wakukuta miyala yodzaza dzanja. Ndiye kuti vuto si kulimba kwa chinthu. Mchere amauona, amautola yekha, amadziwa kuti ndi wolimba, ndipo umasungunuka. Kamsere kamabisala m'phala lofewa n'kumudzidzimutsa pakhosi, pamene khosilo ndi lotopa kale ndi makhololo. Ndiponso supuni imabwera ndi dzanja la wina, pa nthawi ya wina.

Madzulo ake ndinawauza amayi tili kuchitsime. Anatula ndowa pansi.

"Ndiye masiku onsewa tikudya udzu chifukwa cha iyeyu?"

"Eya."

"Bambo ako akudziwa?"

"Ayi. Iwo akuti ndi chilango."

"Asiye kaye," anatero amayi. "Koma phalalo tichita nalo bwanji? Sefa tilibe."

Tinayesa kuboola chitini ndi msomali, koma mabowo anakula moti msere unkadutsa ndi abale ake. Tinayesa kapulana, koma ndi yothithikana, phala linangokhala pamwamba. Nsalu yopyapyala bwino m'nyumba mwathu inali imodzi yokha, ndipo inali pachingwe kuseri kwa khitchini. Bulauzi yanga yoyera ya kusukulu ndinaisamala kuchokera ku Malawi. Inawoloka malire ili pamutu panga, m'pepala la pulasitiki. Ndinaiyang'ana, n'kuyang'ana nthiti za mlongo wanga, ndipo ndinaichapa bwinobwino ndi madzi otentha.

Tinaphika phala lamadzimadzi, kuthiramo nsinjiro zambiri, n'kulifinya m'bulauzi ngati mmene amafinyira nkhungudzu. Linatuluka losalala, lonyezimira mafuta a mtedza. Tinalibwezera pamoto kuti lilimbe pang'ono. Tsono panatsala lamulo la amayi aakulu, lakuti phala la mwana lisathiridwe mchere. Amayi anaganiza kanthawi, n'kunena kuti, "Anati tisathire ife. Za iye mwini sananene."

Ndinayala mphasa pansi pa mango. Ndinaika mbale ya phala, pambali pake kachivundikiro ka mchere pang'ono. Supuni ndinaibisa. Ndinakhala chomufulatira, ngati ndikuwerenga buku la Chipwitikizi, n'kunena kuti, "A Shefi, pali ntchito. Phala ili likufuna wothira mchere."

Anabwera. Pa ntchito sachedwa. Ndinamumva akukukuta kamwala koyamba. Kenaka kachiwiri anakaponya m'phala, kakumira. Anakafunafuna ndi chala, osakapeza, n'kunyambita chalacho. Kunali zii. Ndinadikira chifuwa chija. M'malo mwake ndinamva chala chikubwereranso m'mbale.

Tsiku limenelo anadya pang'ono, mwina theka la theka. Koma sizinabwerere. Mawa lake anadya koposa. Tinazindikiranso kuti zouma zokukuta amazilola, bola azitola yekha, ndiye amayi anayamba kukazinga chinangwa chodula mopyapyala mpaka chiume gwa. Masiku ena ankakana zonse, ndipo tsiku lina kamsere kanadutsa pamene ulusi wa bulauzi unatayana, tinabwerera pamphasa paja. Koma tsopano akamva fungo la nsinjiro sathawa.

Amayi aakulu anatipeza tsiku lachitatu, ine ndikufinya phala m'dzanja la bulauzi.

"Ichi n'chiyani? Sukulu yatha, mwayamba kuphika yunifolomu?"

Kenaka anaona mwana akuviika chala m'mbale, kachivundikiro ka mchere kali pambali. Anatsegula pakamwa. Amayi anafulumira kunena kuti, "Akuthira yekha, achemwali, monga munanenera." Amayi aakulu anatseka pakamwa. Anayang'ana mbale ikutsika. Anakhala pamtondo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Idyani, a Shefi. Musawaone anthuwa."

Lero m'mawa amayi aakulu anafika kusanache bwino, atanyamula jekete la bambo. Anamuveka mwana, manja a jekete akukwawa pansi. Nditamunyamula ndinamva kuti walemera modabwitsa. M'matumba munali miyala ya kumtsinje.

"Amayi aakulu, uku ndi kunama."

"Ndi kuthandiza sikelo. Sikelo ya boma imadziwa chiyani za chimanga chili m'munda?"

Sindinathe kuwatsutsa, ndipo tinayenda choncho, miyala ikulira m'matumba a mwana ngati thumba la nsawawa. Kuchipatala tinapeza mzere wa amayi ambiri pansi pa mtengo pamene amapachika sikelo. Itafika nthawi yathu, anamwino anangoyang'ana jekete lija, osafunsa kanthu.

"Muvuleni zonse. Mwezi uno ndayeza kale miyala yokwanira kumanga chipatala china."

Mzere wonse unaseka. Amayi aakulu anayang'ana kumwamba ngati nkhaniyo ndi ya anthu ena. Mlongo wanga anakolekedwa m'kabudula wa sikelo, ali maliseche, miyendo ikulendewera. Muvi unagwedezeka, kupita uku, kubwerera uku. Amayi anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Kenaka muvi unaima.

"Sanatsike," anatero anamwino. Anayang'anitsitsanso. "Wakwerako pang'ono. Pang'ono kwambiri, musayambe kuvina. Mwamupatsa chiyani?"

Amayi anandikankha ndi chigongono, ndiye ndinafotokoza zonse, za bulauzi, za chala, za mchere. Pa za mchere ndinachita mantha kuti atikalipira. Koma anati dokotala uja anawauza kuti ana a matenda amenewa amataya mchere wambiri m'thukuta, n'chifukwa chake khungu limawawa mchere, ndipo thupi limaufunanso. Anati tisamumane, koma asamabwire wodzaza dzanja, uzikhala wa m'chakudya. Anatinso asadzadyetsedwenso mokakamiza, chifukwa phala likhoza kulowera kuchifuwa. Ponena zimenezi anayang'ana amayi aakulu, amene anali otanganidwa kutaya miyala kuseri kwa mtengo. Za ku Cuamba anati tidikire sikelo ya mwezi wamawa. Chifuwa chikadzakula tisadikire n'komwe, tidzabwere tsiku lomwelo.

Pobwerera amayi ankayenda ngati atula mtolo wa nkhuni. Ankawerengera anthu amene angatithandize kukolola. Amayi aakulu ndiwo anabereka mwana, ndipo aliyense wokumana naye panjira ankamuuza.

"Ndinanena ine kuti mchere azithira mwana. A chipatala avomereza."

Titafika, bambo anali pabwalo akumanga tayala. Anaimirira osafunsa, akungoyang'ana nkhope zathu.

"Wakwera," anatero amayi.

Bambo anakhala pansi pomwepo, padothi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Patapita kanthawi anachotsa chipewacho.

"Ndiye alamu, ndituluke kukhitchini kuja? Utsi wandimaliza, ndipo makoswe ayamba kundizolowera."

"Tulukani," anatero amayi aakulu. "Koma tsitsi lija musiye kupesa."

Masana ndiwo anathira mchere ndi amayi, a Shefi ataimirira pambali ngati kapitawo wochotsedwa ntchito. Bambo atalawa matemba anatseka maso, n'kunena kuti sanadziwe kuti kukhululukidwa kumakoma chonchi. Palibe amene wawauza zoona mpaka pano.

Ndikudziwa kuti matendawa sanathe. Pamene ndikulemba pano akutsokomola kuseri, ndipo mwezi wamawa sikelo idzatidikiranso pansi pa mtengo uja. Koma mbale yake ya masana ili apa, ndipo pansi pake pakuoneka.

Bulauzi ija ndaichapa katatu konse ndi phulusa, koma mtedza sukuchoka. Kumsana yasanduka yachikasu, ndipo dzanja lamanja latalika kuposa lamanzere. Mawa ndiivala momwemo kupita kusukulu, anzanga aseke mmene angasekere. Ndisananyamuke ndiwatsekereza bambo panjinga, ndiwauze kuti asabwereko ku Entre Lagos opanda sefa, ngakhale atasinthanitsa ndi mlamba waukulu wa m'dengu. Akakana, ndiwauza amene ankadya mchere wawo.